Mini Cooper yochokera ku Japan: kodi n'kugula kwanzeru?

NaChisale47

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanatumize ndalama. Kwa ogulitsa galimoto zakale za ku Japan kuli Mini Cooper ya 2009, ya zitseko ziwiri, otomatiki, yayenda makilomita 78,000. Mtengo wake kufika pa doko la Dar es Salaam ukungofanana ndi wa Vitz kapena Demio ya zaka zomwezo. Palinso Cooper S ya chaka chomwecho, yokwererapo pang'ono. Ntchito yake ndi ya m'tauni muno mu Lilongwe, kamodzikamodzi ulendo wa ku Blantyre, ndipo ikhala galimoto yokhayo pakhomo. Kukongola kwake kwandigwira mtima, sindibisa. Chikundikayikitsa n'chakuti galimoto yopangidwa ndi BMW ingatchipe bwanji chonchi? Amene mumazidziwa mkati mwake, ndiuzeni zomwe zimakonda kufa, komanso ngati zimakonzeka kuno kwathu.

Sipanala14

Mayi Nachisale, utoto ndi makilomita zidikire kaye. Yang'anani zilembo za model code pa tsamba la wogulitsayo, chifukwa dzina lakuti Mini Cooper lavundikira galimoto za mibadwo ingapo yosiyana kwambiri, ndipo yankho lanu lagona pa injini yomwe ili pansi pa boneti.

Za 2001 mpaka 2006 zimalembedwa RA16 kapena RE16. Injini zake n'zopirira, koma RA16 ya otomatiki ili ndi giyabokosi ya CVT yomwe ikafa mtengo wokonzera umaposa wa galimoto. Zimenezo musazilingalire n'komwe.

Ya 2009 mukuyionayo ndi ya m'badwo wachiwiri, R56, ndipo injini yake BMW inapanga mogwirizana ndi Peugeot. Code ikakhala MF16, imeneyo ndi Cooper wamba, injini N12, 1,598 cc, yopanda turbo. Ikakhala MF16S ndi Cooper S, injini N14 ya turbo. Mu 2010 anazikonzanso: Cooper inakhala SU16 ya injini N16, Cooper S inakhala SV16 ya injini N18.

Nthenda yodziwika ya injini zimenezi, makamaka N14, ndi timing chain, tcheni chomwe chimalumikiza crankshaft (shafuti yozunguzidwa ndi mapistoni) ndi ma camshaft (mashafuti otsegula mavalavu) kuti ziziyenda mogwirizana. Tcheni chimenechi chimatsetsereka pa timapulasitiki tochitsogolera, ndipo chimakungidwa ndi tensioner yomwe imadalira mphamvu ya oilo. Tensioner ikafooka kapena oilo akachepa, tcheni chimakhwepa n'kumamenya mapulasitiki aja. Mumachimva m'mawa mukangoliza injini itazizira: phokoso la gwedegwede ngati chigayo cha dizilo, kwa masekondi angapo, kenaka zii. Anthu amati poti lasiya ndiye palibe kanthu. Pamenepo pulasitiki ikuthetheka. Zidutswa zake zimagwera m'sampu n'kutseka kasefa kamene pampu imakokera oilo, ndipo tsiku lina tcheni chimalumpha mano, mavalavu n'kugundana ndi mapistoni. Ikafika apo si nkhani ya tcheni ayi, ndi nkhani ya injini ina.

Kukonza kwake si kusintha tensioner yokha. Pamafunika tcheni, tensioner, zotsogolera zonse zitatu, giya ya pansi, silo ya kutsogolo ndi mabauti atsopano, chifukwa akalewo amatamuka akamangidwa koyamba ndipo sabwezeredwa. Sampu itsitsidwe kuti zidutswa zichotsedwe. Chachikulu n'chakuti magiya a injiniyi alibe kiyi wowagwira pamalo. Amagwidwa ndi kuthina kwa bauti basi. Mukangomasula bautiyo, chilichonse chimazungulira pachokha. Choncho pamafunika zitsulo zake zapadera zokhomera crankshaft ndi ma camshaft onse awiri. Makaniko wodalira kuika madontho a penti pa magiya, monga amachitira pa Corolla, amaphonya timing, ndipo galimoto imabwerako ikunjenjemera kapena osalira n'komwe.

Cooper S ya N14 ili ndi zakezake pamwamba pa zimenezi. Petulo amapoperedwa molunjika m'silinda ndi pampu ya mphamvu yaikulu, ndipo pampu imeneyi siichedwa kufooka. Galimoto imavuta kulira m'mawa, imadukiza, kenaka imakana kuthamanga. Ikamwa petulo wa m'zigubu, wokhala ndi madzi kapena fumbi, imfa yake imafulumira, ndipo tonse tikudziwa kuti mafuta akasowa pa filling station anthu amathamangira komweko. Chinanso, poti petulo sadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya, palibe chowatsuka, ndiye mwaye umaunjikana mpaka mpweya kumalowa movutikira. Mankhwala othira m'thanki safikako. Amachita kumasula manifold, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, n'kupala. Kapaipi kopititsa oilo ku turbo nako kamadutsa pamalo otentha kwambiri, kamadontha kapena kutsekeka, turbo n'kuuma.

Zomwe zimagwira onse awiri, Cooper ndi Cooper S, ndi za madzi ndi kudontha kwa oilo. Chikho cha thermostat n'chapulasitiki ndipo chimang'aluka ndi ukalamba. Injiniyi inapangidwa kuti izitentha mpaka cha m'ma 105 °C, pomwe pa dashibodi palibe muvi wosonyeza kutentha. Mumangoona nyali itayaka zinthu zitafika kale poipa. Gasiketi ya pomwe pamakhala fyuluta ya oilo imadontha, chivundikiro cha pamwamba pa injini nacho chimatha, ndipo injini zambiri za mtunduwu zimamwa oilo ngakhale zisakudontha paliponse. Oilo yense ndi malita 4.2 okha, ndiye lita imodzi ikasowa tcheni chija chayamba kale kuvutika.

Kunena mosapsatira: MF16S ngati galimoto yokhayo pakhomo, ayi. MF16 n'njotheka chifukwa ilibe turbo, ilibe pampu yovuta ija, mwaye suivutitsa, ndipo giyabokosi yake ya otomatiki ndi ya Aisin ya magiya 6, yomwe n'njodalirika ikamasinthidwa mafuta. Koma ngati n'kotheka onjezerani pang'ono mupeze SU16.

Wa_pa_Songwe

Zamkati achimwene afotokoza bwino. Ine ndiyankhe funso lija lakuti yatchipa bwanji, chifukwa pamenepo ndi pomwe ambiri amapusitsika.

Ku Japan galimoto imayenera kupimidwa mwalamulo zaka ziwiri zilizonse, ndipo ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake wapachaka umakwera. Kukonzetsa galimoto ya ku Ulaya kumeneko n'kodula kwambiri. Mwini wake akauzidwa kuti pakufunika tcheni ndi thermostat kuti ipitirize kuyenda, amaona kuti bola aigulitse. Pa okushoni ogula a maiko ena amalimbirana Vitz, Fit, Sienta ndi Probox, chifukwa akudziwa kuti kwawo zikagulidwa msanga. Mini ailimbirana ochepa, mtengo n'kugwa. Ndiye kutchipako sikutanthauza kuti mwapeza mwayi. Msika waikamo kale mtengo wa zomwe mukakonze inuyo.

Mtengo mukuuona pa intanetiwo umathera pa doko. Kuchoka apo pali zolipira padoko, wa ejenti, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500 kudzera ku Mbeya, Kasumulu ndi Songwe mpaka Lilongwe, kenaka msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic ndi inshulansi. Msonkho umatsatira kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, osati kukula kwa thupi lake. Mini ndi yaing'ono m'maso, koma injini yake ndi 1,598 cc, pomwe Passo ndi Vitz yaing'ono ndi 996 cc, Swift ndi 1,242 cc. Musanalipire kalikonse, tengani chaka, cc ndi chassis number mukafunse ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka kuti akuuzeni chiwerengero chenicheni. Galimoto zambiri zimagona pa boda chifukwa mwini wake anawerengera msonkho wa mnzake wa Passo.

Za masipeya ndiye ndi pomwe pali kusiyana kwenikweni. Vitz ikathyoka bearing m'mawa, masana mwaipeza ku Malangalanga kapena ku Limbe, yatsopano kapena yochotsa m'galimoto ina, madzulo mukuyenda. Za Mini zambiri n'zoitanitsa ku Johannesburg kapena ku Britain, zolipira ndi ma rand kapena mapaundi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chotere chinakwera nthawi yomweyo, ndipo ndalama zakunjazo kuzipeza kwake ndi ntchito inanso. Kuwonjezera apo pali masiku odikira. Mwanena kuti galimoto ina palibe, ndiye sabata kapena masabata awiri amene ili pa jeke, mukhala mukulipira takisi kapena kabaza. Zimenezo ziwerengereni ku mtengo wa Mini.

Chothandizako pang'ono n'chakuti injini yomweyo ili mu Peugeot 207 ndi 308 komanso Citroën DS3, komwe imatchedwa EP6, choncho zina monga tcheni, makoilo ndi pampu ya madzi zimapezeka m'bokosi la Peugeot pa mtengo wotsikirapo. Koma osagula ndi maso. Perekani zilembo 7 zomalizira za chassis number kuti akupezereni nambala yeniyeni ya sipeyayo, chifukwa thermostat yokha ili ndi mitundu ingapo yosiyana mapulagi a magetsi.

Pomaliza ganizirani za tsiku logulitsa. Vitz, Mira kapena Sienta ili ndi ogula nthawi zonse chifukwa a takisi amazifuna. Mini imadikira munthu wina amene waikonda ngati inuyo, ndipo iyeyo akabwera ndi makaniko wake amayamba ndi kumuuza zonse zalembedwa pamwambazi.

Ngati mwatsimikizabe, pemphani zinthu zitatu musanatumize ndalama. Auction sheet, pepala la pa okushoni losonyeza momwe galimoto ilili, yomwe ikhale ya giredi 4 kapena kuposa; R kapena RA ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Export certificate, chifukwa imaonetsa makilomita omwe analembedwa pa kupimidwa kuwiri komaliza, ndipo mungayerekeze ndi 78,000 akunenayo. Ndi vidiyo yoliza injini itagona usiku wonse, boneti ili yotsegula. Wogulitsa akakutumizirani vidiyo yomwe injini ikulira kale, pemphani ina.

Mbumba_BT

Achemwali, zomwe anena abambo awiriwa n'zoona, koma tikangosiyira pomwepo zikhala ngati ndalama zonsezo munthu akugulira maonekedwe okha. Si choncho.

Pansi pa Mini pali zinthu zomwe Passo ilibe. Kumbuyo tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake, pomwe galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan zili ndi chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri. Matayala ali kumakona kwenikweni, thupi n'lolemererapo ndiponso lalifupi msinkhu. Zotsatira zake mumazimva pa M1: pa liwiro la 100 simwazika, lole ikadutsa siikankhidwa ndi mphepo, ndipo m'makona a ku Dedza ndi Ntcheu imagwira msewu. R56 inapatsidwa nyenyezi 5 ndi Euro NCAP, bungwe la ku Ulaya loyesa chitetezo cha galimoto pa ngozi, mu 2007 pa chitetezo cha akuluakulu okweramo, ndipo ili ndi ma airbag 6, pomwe Passo ndi Mira zambiri zobwera kuno zili ndi awiri okha. Kwa munthu woyenda ulendo wa Blantyre mwezi ndi mwezi, chimenechi si chokometsera.

Komanso pali m'badwo wachitatu womwe sunatchulidwe, F56, woyambira 2014. Code yake ndi XM15 ya zitseko ziwiri, XS15 ya zitseko zinayi. Injini ndi ya BMW yeniyeni, B38, masilinda atatu, 1,499 cc ya turbo, ndipo mbiri yake n'njabwino kuposa ya N14 kutalitali. Vuto lake lodziwika ndi mounting ya pamwamba ya injini yomwe imaphulika n'kudontha mafuta, galimoto n'kumanjenjemera ikaima; kusintha kwake si ntchito yaikulu. Ilibe kamtengo koyezera oilo, mumayeza pa sikirini. Nayonso imapopera petulo molunjika, ndiye za zigubu zija ziiwaleni. Mtengo wake sufanana ndi wa Vitz ayi, n'ngokwera ndithu, ndipo kukwerako n'chizindikiro chakuti ogula amaikhulupirira. Ine ndikuona kuti Mini yoyenera ndalama ndi imeneyi kapena SU16, osati yotchipitsitsa pa tsambalo.

Chomwe ndikuchenjezeni ndi matayala ndi malo. Zina zimabwera ndi malimu a 17 ndi matayala a 205/45 R17, kawirikawiri a run-flat, aja amayendabe pang'ono ngakhale ataphwa. Mphira wake m'mbali n'ngwaufupi ndiponso wouma, choncho dzenje limodzi la m'nyengo ya mvula limatupitsa tayala kapena kupinda limu, ndipo kugunda konseko kumathera m'mashoki ndi m'mabushi a kutsogolo. Funani ya malimu a 15, matayala 175/65 R15, kapena a 16, 195/55 R16. Saizi ya 15 imapezeka mosavuta kuno ndipo imameza mabampu. Dziwaninso kuti zambiri zilibe tayala lapadera, makamaka Cooper S yomwe ekizozi yake imadutsa pakati pomwe likanakhala. Mukachotsa run-flat n'kuika wamba, muyenera kugula sipeya, jeke ndi sipanala, ndipo zonsezo zikhala m'buti ya malita 160 okha. Thumba limodzi la chimanga likalowa, katundu wina yense akwera pampando. Mipando ndi inayi, ndipo iwiri ya kumbuyoyo munthu wamkulu sangapirire nayo mpaka Zalewa.

Kutsogolo kwake n'kotsika. Mabampu a m'tauni muziwakwera chopingasa pang'onopang'ono, ndipo ngati msewu wa kwanu ndi wafumbi wokumbika ndi madzi, ikani chitsulo chotchinga pansi pa sampu.

Ngati chomwe mukufuna ndi kagalimoto kooneka bwino, kokoma kuyendetsa, koma kosafuna kukasamalira ngati khanda, onaninso Suzuki Swift Sport ya ZC32S, 2011 mpaka 2016, injini 1.6 yopanda turbo, kapena Mazda Demio ya kuyambira 2014 ya petulo. Sizikopa maso ngati Mini, zimenezo tivomereze.

NaChisale47

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana, yotchipayo ndi ABA-MF16, malimu a 15, giredi 4. Cooper S ndaisiya. Palinso SU16 ya 2011 yokwererapo, ndipo ndayamba kupendekera kumeneko. Bambo Sipanala14, itati yafika, ndiyambire pati? Nanga makaniko woyenera ndingamudziwe bwanji, poti aliyense ndikamufunsa amati amaitha?

Sipanala14

Mwachita bwino kusiya S, mayi. Pakati pa ziwirizo tengani SU16. Ndalama mukuwonjezerayo mukanaipereka ndithu kwa makaniko.

Kusamala kuyambe isananyamuke ku Dar es Salaam. Dalaivala auzidwe kuti ayeze oilo ndi madzi injini ili yozizira, anyamule lita imodzi ya 5W-30 ya synthetic, ndipo aziyezanso paliponse pomwe wathira mafuta. Kamtengo koyezera oilo ka R56 n'kovuta kuwerenga. Apukute, alowetse mpaka pansi, ayang'ane mbali zonse ziwiri. Kuchoka pa chizindikiro cha pansi kufika cha pamwamba ndi lita imodzi. Nyali ya kutentha ikayaka aime pomwepo, osati kufuna kukafika tauni yotsatira. Batire likapezeka lafooka padoko, asamangogundanitsa mawaya mwachisawawa. Pali kabokosi ka magetsi kotchedwa FRM, kamene kamayendetsa nyali ndi mawindo, ndipo kamasokonekera magetsi akatsika kapena kudumpha. Kakafa mumapeza mawindo sakutsika, ma indicator sakuyaka, nyali zina zangoyakiratu.

Ikafika, musakhulupirire kompyuta yake pa za sevisi. Imatha kulola makilomita oposa 20,000 oilo asanasinthidwe, zomwe zinaganiziridwa misewu ya ku Ulaya. Kuno kuli fumbi ndi kutentha, ndiye sinthani oilo ndi fyuluta pa makilomita 7,500, osapitirira 10,000, oilo wa 5W-30 wolembedwa BMW Longlife-01 pa botolo. Oilo wolemera wa 20W-50 amene ambiri amathira m'galimoto iliyonse amachedwa kufika ku tensioner m'mawa ndipo amatseka timasefa ta ma solenoid a VANOS, makina osintha nthawi yotsegukira mavalavu. Muziyeza oilo sabata iliyonse, osadikira nyali.

Pa sevisi yoyambayo makaniko achotse tensioner, alowetse chida choyezera kutamuka kwa tcheni. Ndi ntchito yosatenga nthawi ndipo imakuuzani ngati tcheni chili ndi moyo. Kenaka apope mpweya m'njira za madzi kuti aone ngati mphamvu ikutsika, ayang'ane ndi tochi pansi pa chikho cha thermostat ndi pa paipi ya pulasitiki yodutsa kuseri kwa injini kupita ku pampu ya madzi. Mukaona zoyera kapena zobiriwira zouma ngati mchere, pamenepo pakudontha. Ngati thermostat ikadali yomwe inabwera ndi galimoto, isintheni pamodzi ndi paipiyo ngakhale isanadonthe, chifukwa pulasitiki ya zaka zoposa khumi siichenjeza. Madzi ake ndi coolant wa buluu wa G48 wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyeretsedwa (distilled water), osati a pampopi. Mafuta a giyabokosi opanga amati ndi a moyo wonse wa galimoto, koma pa makilomita amenewa akhetseni n'kuthira atsopano a muyezo wa JWS 3309. Mapulagi, fyuluta ya mpweya ndi mafuta a mabuleki zisinthidwe nthawi yomweyo. Ngati ili ndi denga lotseguka, thirani madzi pang'ono m'ngalande zake muone ngati akutulukira pansi. Timapaipi take tikatsekeka, mvula imatsikira m'kati n'kunyowetsa mabokosi a magetsi omwe ali m'munsi mwa dashibodi.

Ndalama za zonsezi zikhale padera galimoto isanafike, pamodzi ndi za tcheni chathunthu ngakhale chitapezeka chili bwino lero. Ngati kugula ndi kuombola kukumalizani kwacha yomaliza, gulani Demio.

Za makaniko, musamufunse ngati amaitha. Mupempheni akuonetseni zinthu ziwiri. Choyamba, bokosi la zitsulo zokhomera timing za N12 ndi N16, alitsegule muone. Chachiwiri, kompyuta yomwe imawerenga mabokosi onse a BMW ndi Mini, osati kaja kongowerenga injini. Ailumikize pa galimoto ya kasitomala wina muone ikutchula FRM, giyabokosi ndi ABS. Mufunseninso kuti akasintha batire amatani. Woidziwa ayankha kuti ngati pa waya wa negative pali sensa, batire latsopano limalembetsedwa pa kompyuta kuti alternator isamalitchaje ngati lakale. Amakaniko otere ku Lilongwe ndi ku Blantyre alipo, makamaka amene amagwira BMW, koma ndi ochepa, ndiye mumupeze ndi kumva mitengo yake musanatumize ndalama ku Japan.

Wa_pa_Songwe

Kuwonjezera pang'ono pa SU16 ya 2011 ija: funsani ngati ikubwera ndi makiyi awiri. Kiyi wake ndi kachimbale kolowetsa pa dashibodi, sadulidwa pamsika, ndipo wachiwiri amachita kuitanitsa ndi chassis number. Ngati malimu ali ndi mabauti a loko, auzeni aike kasoketi kake m'galimoto ndipo akajambule musanalipire, chifukwa tayala likaphulika pakati pa Iringa ndi Mbeya popanda kameneko, dalaivala sangalimasule.